Zithunzi za pa maulendo apansi: vuto ndi kamera kapena ndi nthawi?

Mayi Okonda Kuyenda

Moni nonse a pa gulu lino. Ndabwera ndi nkhani imene yakhala ikundivutitsa maganizo kwa miyezi ingapo, ndipo ndikukhulupirira kuti ena mwa inu munadutsamo kale. Ndimakhala m'tauni yaing'ono, yoti munthu ukhoza kuizungulira yonse wapansi m'maola awiri, ndipo kuyambira chaka chatha ndili ndi chizolowezi choyenda pafupifupi tsiku lililonse, kawirikawiri pa nthawi yopuma masana kapena Loweruka dzuwa litakwera kale. Ndimatenga foni yanga n'kumajambula zimene zandigwira mtima: mlatho wakale wa pa kamtsinje, mtengo waukulu wa pa mphambano, ndi khoma lina limene penti yake yakhala ikusendeka moti mitundu itatu ya zaka zosiyanasiyana ikuonekera pamodzi. Ndikamaziona ndi maso zinthu zimenezi zimakhala zokongola, koma ndikafika kunyumba n'kutsegula foni ndimapeza zithunzi za mbuu, thambo litayera ngati pepala, pansi pa mitengo pali bii, ndipo chimene ndimafuna kuonetsa chili chaching'ono pakati pa zinthu zambirimbiri. Ndafika poganiza zogula kamera yeniyeni. Musanandilangize za mtundu wa kamera, ndikufuna ndimve kaye ngati vutoli lingathe ndi chida chatsopano, chifukwa sindikufuna kutaya ndalama n'kumabwererabe ndi zithunzi zomwezo.

Mphunzitsi Wopuma

Mayi, mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama. Pali chinthu chimodzi chimene mwachitchula mongodutsa, komatu ine ndikuona kuti gwero la vuto lanu lili pomwepo, ndicho nthawi imene mumayendera. Dzuwa likakhala paliwombo, kuwala kumagwa kuchokera pamwamba ndipo kumakhala kwamphamvu kwambiri, motero powala pamawala mopitirira ndipo pamthunzi pamada mopitiriranso. Diso la munthu silivutika nazo zimenezi chifukwa limadzisintha lokha likachoka powala kupita pamthunzi, ndipo ubongo umalumikiza zonse kukhala chinthu chimodzi chooneka bwino. Kamera imayenera kusankha. Ikafuna kuonetsa za pansi pa mtengo, thambo limayera mbee. Ikafuna kusunga mtundu wa thambo, pansi pa mtengo pamada. Kamera yodula imapirira kusiyana kumeneku kuposa foni, koma nayonso ili ndi malire ake, ndipo khoma lanu lija silingakongole masana ngakhale mutalijambula ndi kamera ya akatswiri.

Yesani kutuluka m'ola loyamba dzuwa litangotuluka kapena m'ola lomaliza lisanalowe. Pa nthawi imeneyo kuwala kumadutsa mumpweya wochuluka kusanafike kwa ife, mbali yake ya buluu imamwazikira m'njira, ndipo chotsala chimakhala chofiirira ndi chofewa. Ojambula amayeza mtundu wa kuwala ndi mlingo wotchedwa Kelvin: dzuwa la masana limakhala cha pa 5500, pomwe la pafupi kulowa limatsika kufika cha pa 3000, ndipo nambala ikamatsika kuwala kumanka kufiirira. Koma chachikulu kwa ine si mtundu ayi, ndi mbali imene kuwalako kukuchokera. Kukachokera cham'mbali, kachidutswa kalikonse ka penti yosendeka kamaponya kamthunzi kake, ndipo khoma limene masana limaoneka lathyathyathya limayamba kuoneka lokhakhala moti munthu amafuna kulikhudza. Ndikupempheni chinthu chimodzi. Jambulani khoma lomwelo mutaima pamalo amodzimodzi, m'mawa kwambiri, masana ndi madzulo, kenaka muike zithunzi zitatuzo pamodzi, ndipo mudzatiuze zimene mwaona.

Mnyamata wa Foni

Ndikugwirizana ndi aphunzitsi, ndipo ndiwonjezereko za foni yeniyeniyo, chifukwa ine ndilibe kamera ina. Mayi, muzipukuta galasi la kamera musanajambule. Foni imakhala m'thumba, imagwiridwa ndi zala za thukuta tsiku lonse, ndipo kamafuta kochepa chabe pa kagalasi kaja n'kokwanira kuchititsa chithunzi chonse kukhala cha mbuu, makamaka dzuwa likakhala kutsogolo kwanu. Kansalu kofewa kouma kamathetsa zimenezi.

Tsono pa nkhani ya chinthu chooneka chaching'ono pakati pa zambiri, kamera yaikulu ya mafoni ambiri imaona motambalala, mofanana ndi lenzi ya mamilimita 24 mpaka 28 pa kamera za filimu, n'chifukwa chake chilichonse chimene chili patali pang'ono chimachepa. Ambirife timathamangira kutambasula zala pa sikirini kuti tichikokere pafupi, koma ngati foni ilibe lenzi yachiwiri yoonera patali, zoom yoteroyo imangodula chithunzi ndi kuchikulitsa. Mukakokera kawiri mumatsala ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a timadontho ta kamerayo, ndipo mukapitirira apo chithunzi chimayamba kuoneka ngati chopakidwa matope. Sunthani miyendo, mufike pafupi, mugwade ngati kuli kofunika. Komanso musanadine batani, gwirani ndi chala pa sikirini pamene pali chinthu chimene mukuchifuna. Pa mafoni ambiri pamatuluka kachizindikiro ka dzuwa kamene mukhoza kukatsitsa kuti chithunzi chiderepo pang'ono. Ine ndimatsitsa pafupifupi nthawi zonse kukakhala dzuwa, chifukwa pamene pada mukhoza kuwalitsa pambuyo pake, koma pamene payera mbee palibenso chobwezeretsa.

Mayi Okonda Kuyenda

Zikomo aphunzitsi, zikomonso achimwene. Ndangoyang'ana galasi la foni yanga pawindo ndipo zidindo za zala zikuonekeratu. Zoom ndimaigwiritsa ntchito pa zithunzi zambiri, chifukwa ndimachita manyazi kuima nthawi yaitali m'mbali mwa msewu kapena kuyandikira mpanda wa eni. Za m'mawazo ndiyesa Loweruka lino.

Wojambula pa Filimu

Malangizo aperekedwawa ndi abwino, koma ndisalole kuti nkhaniyi ithe ngati kuti kamera ilibe ntchito. Ine ndinayamba kujambula nthawi imene filimu imodzi inkatenga zithunzi 24 kapena 36, ndipo munthu sunkaona chimene wajambula mpaka filimu itatsukidwa. Kamera yanga inalibe choyezera kuwala, ndiye tinkatsata lamulo lakale lakuti kukakhala dzuwa lowala bwino, bowo la lenzi uike pa f/16 ndipo liwiro la shutter, kachitseko kamene kamatseguka kuti kuwala kulowe, lifanane ndi nambala ya ISO yosonyeza mmene filimu imamvera kuwala, mwachitsanzo filimu ya ISO 100 pa 1/125 ya sekondi, popeza ndiyo inali nambala yoyandikira. Kukachita mitambo unkakulitsa bowolo kufika pa f/8 kapena f/5.6. Lamulo limeneli linandiphunzitsa kuyang'ana kumwamba ndi kuyang'ana mithunzi ndisanakweze kamera, ndipo mpaka lero ndikatuluka panja ndimayamba ndadzifunsa kuti kuwala kwa lero n'kotani.

Ubwino wa kamera yeniyeni pa maulendo otere, monga ndikuonera ine, suli pa kuchuluka kwa ma megapixel, kutanthauza mamiliyoni a timadontho topanga chithunzi. Uli pakuti ukaika diso pa kabowo koonera, zina zonse zimachoka n'kutsala zimene zili m'kati mwa ngodya zinayi zija, ndipo umaona msanga chingwe cha magetsi chimene chadutsa pamutu pa mtengo wako kapena chipepala chimene chili pansi m'mphepete. Pa foni, dzuwa likawomba sikirini, munthu umajambula mongoganizira. Chinanso, kamera silira ndipo silandira mauthenga, ndiye maganizo amakhala pa ulendowo. Kamera zazing'ono zinapangidwira ntchito yomweyi. Kamera yoyamba ya Leica, imene anaikonza Oskar Barnack ku Germany, inayamba kugulitsidwa mu 1925, ndipo inkagwiritsa ntchito filimu ya makanema ya mamilimita 35, chithunzi chilichonse cha mamilimita 24 ndi 36, ndi lenzi ya mamilimita 50. Inkalowa m'thumba la jekete, munthu n'kuyenda nayo tsiku lonse osatopa.

Choncho mayi, uphungu wanga ndi wakuti musagule tsopano, koma maganizowo musawatayiretu. Jambulani ndi foni miyezi ingapo ngati kuti muli ndi filimu ya zithunzi 24 zokha pa ulendo uliwonse. Mukadzafika podziwa bwino chimene foni ikukukanizani, kaya ndi mbalame za patali kapena kujambula kutayamba kuda, mudzadziwanso kamera yoyenera kugula.

Namwino wa Usiku

Ndiloleni nditsutseko pang'ono pa nkhani ya nthawi, chifukwa si aliyense angasankhe ola loyendera. Ine ndimagwira ntchito usiku ndipo ndimabwerera kunyumba wapansi m'mawa, choncho kuwala kwa m'mawa ndimakudziwa, koma zithunzi zambiri zimene ndimazikonda sindinazijambule dzuwa likuwala. Tsiku la mitambo ndi labwino kwambiri pa zinthu zapafupi monga masamba, zitseko zakale ndi dzimbiri la pa chipata, chifukwa mitambo imamwaza kuwala mofanana ndipo sipakhala mithunzi yakuda. Chongofunika ndi kusalowetsa thambo lambiri m'chithunzi, popeza ndilo limatuluka loyera. Ndipo ngati mayi alibe nthawi ina koma masana, akhoza kulowa mumthunzi wa nyumba n'kujambula zimene zili mumthunzi momwemo, osasakaniza ndi za padzuwa.

Mvula ikangokata ndiye musakhale m'nyumba. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito, miyendo italemera ndi kutopa, ndinapeza chithaphwi pakati pa njira imene ndimadutsa masiku onse. Ndinkafuna kuchilambalala, koma ndinaona kuti m'madzimo mukuoneka thanki yaikulu yamadzi itazondoka, pamodzi ndi mtambo umodzi wofiira. Ndinanjuta, n'kutembenuza foni kuti kamera ikhale kumunsi, pafupifupi kukhudza madzi, ndipo ndinadikira kuti kamphepo kaleke kuwagwedeza. Ndinadikira mwina mphindi zitatu. Madzi atadekha, tsamba limodzi louma linagwera m'mphepete n'kupanga timizere tozungulira timene tinakafika pa miyendo ya thankiyo, ndipo ndi pamene ndinadina. Thanki imeneyo ndakhala ndikuidutsa zaka zambiri osaiganizira n'komwe, koma chithunzi chimenecho ndinachisindikiza ndipo chili pakhoma m'chipinda changa.

Tsono ine funso langa likukhudza manyazi amene mayi atchula. Kodi anthu mumatani nawo? Nthawi zambiri chimene chimapatsa msewu moyo ndi munthu amene akudutsa, wopalasa njinga kapena wosesa pakhomo, koma ine dzanja limandilemera kuti ndikweze foni.

Mnyamata wa Foni

Achemwali, ine ndimaona kuti munthu akakhala pa msewu ali poyera, ndipo ukayamba wamupempha chithunzi chimafa, chifukwa amaima chilili, manja m'mbali, n'kuyamba kumwetulira mokakamiza. Chimene chinakukopa chija, momwe amapendekera pa njinga kapena momwe fumbi la tsache limawalira padzuwa, chimakhala chapita. Ine ndimajambula kaye, ndipo akandiona ndimamuonetsa.

Mphunzitsi Wopuma

Achimwene, pa kukongola kwa chithunzi mukunena zoona, koma pa kachitidwe ndikusiyana nanu. Malamulo a kujambula anthu poyera amasiyana dziko ndi dziko, ndipo aliyense ayenera kudziwa a kwawo, koma ngakhale kumene malamulo amalola, tauni yaing'ono si mzinda waukulu. Mumzinda, munthu amene mwamujambula mwina simudzakumananso naye. M'tauni yaing'ono mudzadutsa pakhomo pake mawa ndi mkuja, ndipo chithunzi mukachiika pa Facebook chidzafika kwa abale ake dzuwa lisanalowe. Ine zinandichitikirapo. Ndinajambula bambo wina ali mtulo pa benchi masana, chipewa chili kumaso, chifukwa mthunzi wa masamba unagwa bwino pa malaya ake, ndipo ndinachiika pa intaneti osaganizira. Anthu anamuzindikira ndi chipewacho, n'kuyamba kulemba zomunyoza kuti ndi mlesi, chonsecho munthuyo anali atachezera ntchito usiku wonse. Ndinachichotsa ndi kukapepesa, ndipo anandikhululukira, koma mawu amene anthu analemba aja anali atamufika kale. Kuchokera tsiku limenelo sindijambula munthu ali mumkhalidwe woti iye mwini sangakonde kuonedwa nawo.

Pali njira zapakati zimene sizipha chithunzi. Mukhoza kupereka moni, kucheza pang'ono, kupempha, kenaka n'kumuuza munthuyo kuti apitirize ntchito yake. Pakapita mphindi zochepa amakuiwalani ndipo thupi limamasuka. Mukhozanso kusankha malo abwino, monga khoma la mayi lija, n'kuima poonekera mpaka wina adutse chapatali, ali wamng'ono m'chithunzi, kapena atakufulatirani, kapena akungooneka ngati mthunzi chifukwa dzuwa lili kuseri kwake, moti palibe angamudziwe. Manja a munthu ali pa ntchito nawonso amanena zambiri popanda nkhope.

Wojambula pa Filimu

Za munthu wamng'ono m'chithunzi zandikumbutsa chithunzi chimene Louis Daguerre, mmodzi mwa oyambitsa luso lojambula ndi kamera, anajambula ku Paris mu 1838, cha msewu wotchedwa Boulevard du Temple. Masiku amenewo kamera inkafuna mphindi zingapo kuti igwire chithunzi chimodzi, motero ngolo ndi anthu onse oyenda sanaonekemo, msewu unatuluka ngati wopanda kanthu. Amene akuoneka bwino ndi bambo mmodzi amene anaima nthawi yaitali pakona, mwendo uli m'mwamba, akupukutitsa nsapato. Ndi kamunthu kakang'ono kumunsi kwa chithunzi, nkhope yake sioneka, koma maso a woona aliyense amathamangira pa iye.

Chithunzi chimenecho chikufotokozanso vuto limene mudzakumana nalo madzulo. Kukayamba kuda, foni imatsegula shutter nthawi yotalikirapo kuti itole kuwala kokwanira, ndiye munthu woyenda amatuluka wofufutika, ndipo dzanja likanjenjemera chithunzi chonse chimagwedezeka. Panikizani zigongono m'nthiti, tsamirani khoma kapena mtengo, ndipo dinani mutangotulutsa mpweya.

Woyang'anira Gulu

Popeza nkhani yafika apa, ndikumbutse kuti pa gulu lino sitiika zithunzi za ana ooneka nkhope popanda chilolezo cha makolo awo, ndipo munthu akapempha kuti chithunzi chake chichotsedwe timachotsa popanda kukangana. Ndikumbutsenso kuti mafoni amalemba m'kati mwa chithunzi tsiku, ola ndi mtundu wa foni, ndipo ngati munalola kamera kugwiritsa ntchito GPS amalembanso malo enieni amene munaima. Zolembedwa zimenezi zimatchedwa EXIF, ndipo mukatumiza chithunzi pa imelo kapena ngati document zimapita nacho limodzi. Amene mumayamba kujambula mukadali pakhomo panu muganizirepo.

Mnyamata wa Foni

Aphunzitsi, nkhani ya bambo wa pa benchi ndaimva. Sindikulonjeza kuti ndizipempha nthawi zonse ndisanajambule, koma chithunzi chooneka nkhope sindidzachiikanso pa intaneti mwini wake asanachione ndi kuvomera.

Mayi Okonda Kuyenda

Ndawerenga zonse mwachifatse. Ndili ndi nkhawa ina imene mwina ndiyo inkandikankhira ku maganizo ogula kamera. Tauni ndi yaing'ono, misewu yake ndi yowerengeka, ndipo ndimaona ngati zonse zojambulika ndinazijambula kale. Anzanga amene amapita kutali amabwera ndi mapiri ndi mathithi, ine ndimabwera ndi mlatho womwewo.

Mphunzitsi Wopuma

Mayi, apa ndilankhula motsindika chifukwa ndi nkhani imene ili pamtima panga. Mlendo amene wafika pamalo tsiku limodzi amajambula ndi kuwala kumene wakupeza, kaya n'kwabwino kapena koipa, ndipo amajambula chomwecho chimene aliyense wofika kumeneko amajambula. Inu mukhoza kubwerera pa mlatho wanu madzi atadzaza, ataphwa, kuli nkhungu, udzu utauma, utaphukanso, ndipo mukhoza kuphunzira ola limene dzuwa limalowa pansi pake. Mwayi umenewu mlendo alibe, ngakhale atanyamula kamera yotani.

Ku Paris komweko kunali wojambula wina, Eugène Atget, amene kwa zaka pafupifupi 30, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 mpaka imfa yake mu 1927, ankayenda wapansi m'misewu yakale ya mzindawo atasenza kamera yaikulu yamatabwa ndi magalasi olemera ojambulirapo. Ankajambula zitseko, masitepe, mabwalo a kuseri kwa nyumba, mawindo a masitolo ndi tinjira topanikizika, kawirikawiri m'mawa anthu asanachuluke. Zinali zinthu wamba zimene anthu a nthawiyo ankazidutsa osacheuka, ndipo iye sanatchuke ali moyo. Atamwalira, wojambula wa ku America Berenice Abbott anagula gawo lalikulu la ntchito yake n'kuisunga, ndipo mu 1968 zithunzizo zinalowa ku nyumba yosungira zaluso ya Museum of Modern Art ku New York. Malo ambiri amene anajambula anagwetsedwa kapena kusinthidwa, ndipo lero anthu amawadziwira m'zithunzi zakezo.

Sindikunena kuti tonse tidzakhala ngati iye. Ndikunena kuti zimene zimaoneka ngati zachikhalire m'tauni yaing'ono zimatha mwakachetechete. Pa njira yanga panali nyumba ya njerwa ya khonde la mizati inayi, ndipo ndinaidutsa zaka zambiri ndikumati ndidzaijambula tsiku lina kuwala kukadzakhala bwino. Nditadwala milungu itatu n'kuyambanso kuyenda, ndinapeza mulu wa njerwa ndi mizati iwiri itagona pansi. Ndinafunsa achikulire angapo ngati wina ali ndi chithunzi chake, ndipo sindinapeze ngakhale chimodzi. Ndine ndemwe ndinakuuzani kuti mupewe masana, koma ndikuvomera kuti chithunzi cha masana, cha mbuu, chikanakhala chabwino kuposa kusowa kumeneku. N'chifukwa chake masiku ano ndili ndi malo asanu amene ndimawajambula mwezi uliwonse nditaima pa mwala womwewo kapena pa mzati womwewo wa magetsi, kaya kuwala kuli bwino kapena ayi, ndipo zithunzi zokongola ndimazifunafuna padera.

Bambo wa pa Njinga

Ndakhala ndikungowerenga, koma apa ndilowererepo, chifukwa zonse zimene aphunzitsi anenazi zimadalira kuti zithunzizo zisungike. Ine ndinataya zithunzi za zaka zinayi tsiku limodzi foni itagwera m'madzi, ndipo zimene ndinapulumutsa ndi zokhazo zimene ndinatumizirapo anzanga pa WhatsApp. Nditazitenganso ndinapeza kuti ndi zazing'ono, chifukwa WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza ndipo chimapita chathunthu pokhapokha mukachitumiza ngati document. Pa sikirini zinkaoneka bwino, koma papepala lalikulu zinkasweka.

Tsopano ndimatsata lamulo limene ambiri amalangiza, lakuti makope akhale atatu, pa zida za mitundu iwiri, ndipo limodzi likhale kutali ndi nyumba. Kwa ine ndi foni, kompyuta ndi intaneti. Akaunti ya Google imabwera ndi malo aulere a 15 GB, ogawana ndi maimelo, ndipo amadzaza msanga ngati simufufuta. Kufufutako ndiyo ntchito imene ambiri timaizemba. Lamlungu lililonse madzulo ndimakhala pansi, ndipo pa zithunzi 60 za mlungu ndimasunga mwina 8, n'kuziika mu foda yolembedwa chaka, mwezi ndi dzina la njira. Posankhapo ndi pamene ndimaphunzira kwambiri, chifukwa ndikaika pamodzi zithunzi zisanu za chinthu chimodzi ndimayenera kudzifotokozera chifukwa chimene ichi chikuposera icho, ndipo pa ulendo wotsatira ndimakumbukira.

Musaopenso kusindikiza. Chithunzi cha masentimita 10 ndi 15 chimangofuna timadontho pafupifupi 1200 ndi 1800, kumene ndi kungopitirira pang'ono ma megapixel awiri, ndipo foni ya ma megapixel 12 imakwanitsa bwinobwino pepala la A4. Kuseri kwake lembani tsiku ndi malo, chifukwa pakapita zaka khumi simudzakumbukira, ndipo amene adzachipeze inu kulibe sadzakhala ndi womufunsa.

Mayi Okonda Kuyenda

Ndabweranso patapita milungu iwiri kudzanena zimene ndapeza. Khoma lija ndinalijambula katatu monga aphunzitsi ananenera. Cha masana ndi chimodzimodzi ndi zakale zija. Cha madzulo chinatuluka chamthunzi chokhachokha, chifukwa dzuwa la madzulo limatchingidwa ndi nyumba ina, chinthu chimene sindinachizindikire chaka chonse chimene ndakhala ndikudutsapo. Koma m'mawa, dzuwa litangotuluka, linalikhudza cham'mbali, ndipo pansi pa penti yoyera panaonekera zilembo zitatu za chikwangwani chakale, zongotukuka pang'ono, zimene masana sizioneka konse. Ndinayandikira mpaka kutsala mikono iwiri, osagwiritsa ntchito zoom, ndipo mwini nyumba atatuluka ndinamufotokozera chimene ndikuchita. Anandiuza kuti akufuna kupaka penti yatsopano posachedwa, anandilola kudzajambula tsiku lopakalo, ndipo anapempha chithunzi chimodzi cha mmene khomalo lilili tsopano.

Kamera sindinagule. Ndasindikiza zithunzi zinayi za masentimita 10 ndi 15, koma pa cha khomacho m'mphepete mwa kumwamba ndi kumunsi mwadulidwa, moti chilembo chimodzi chatsala chopanda mutu, chonsecho pa foni chikuoneka chathunthu. Kodi ndinalakwitsa pati?

Wojambula pa Filimu

Mayi, simunalakwitse pojambula. Mafoni ambiri amajambula chithunzi cha mlingo wa 4:3, pomwe pepala la masentimita 10 ndi 15 lili pa mlingo wa 3:2, umene unachokera ku filimu ija ya mamilimita 24 ndi 36. Makina osindikiza akafuna kudzaza pepala lonse amadula gawo limodzi mwa magawo 9 a msinkhu wa chithunzi, theka kumwamba theka kumunsi. Mukhoza kudula nokha pa foni ku mlingo wa 3:2 musanapereke, kuti musankhe nokha chotayika, kapena kuuza osindikiza kuti chithunzi chilowe chonse ngakhale patsale mizere yoyera m'mbali, ndipo mtsogolomu pojambula muzisiya kampata kumwamba ndi kumunsi. Cha mwini nyumbacho sindikizani chathunthu kuti zilembo zonse zitatu zioneke, ndipo tsiku lopaka penti mukalawire, mukaime pamalo pomwe munaima m'mawa uja, mujambule kaye khomalo opakawo asanayambe kupala.